Khutu la mwana lotuluka mafinya: zimene ofufuza apeza

Mayi wina wandilembera kalata pa imelo kuti mwana wake wa zaka 5 wakhala akutuluka mafinya onunkha m'khutu kwa miyezi itatu, wamwa amoxicillin kawiri koma mafinya akubwereranso, ndipo achibale akumulangiza kuti adonthezemo madzi a masamba. Akufunsa ngati ofufuza adapeza mankhwala odalirika a vutoli.

Mayi, khutu likamatuluka mafinya kopitirira masabata awiri, nthawi zambiri kachikopa kopyapyala kamene kamatchinga mkati mwa khutu kamakhala kataboka, ndipo tizilombo timakhala titakhazikika kuseri kwake. Tizilombo timeneti kawirikawiri si tomwe tidayambitsa kupweteka kwa khutu poyamba paja. Amene amapezeka kwambiri ndi mabakiteriya otchedwa Pseudomonas aeruginosa, amene amoxicillin sawapha, motero n'zosadabwitsa kuti mapiritsi amene mwana wanu wamwa sanathetse vutoli.

Vutoli si lachilendo kwathu kuno. Kafukufuku amene adachitika ku Chikwawa ndi kufalitsidwa mu 2017, momwe mudali Dr. Wakisa Mulwafu, katswiri wa matenda a makutu, mphuno ndi kukhosi wa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, adapeza kuti mwa ana a zaka 4 mpaka 6 amene adawayeza, oposa 5 pa 100 alionse adali ndi matendawa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati dera likapitirira 4 pa 100 alionse, ndiye kuti lili ndi vuto lalikulu lofunika kuchitapo kanthu msanga.

Pa nkhani ya mankhwala, maphunziro awiri a kafukufuku a ku Kenya ndiwo amandigwira mtima, chifukwa adachitika pakati pa ana a sukulu zakumudzi. Oyamba, a m'boma la Kiambu, adafalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 1996, ndipo adasonyeza kuti kupukuta mafinya kokha sikudachiritse ana ambiri kuposa kungowasiya, pamene ana amene adapukutidwa ndi kulandiranso mankhwala opha tizilombo adachira pafupifupi theka. Achiwiri, a ku Kisumu mu 2005, adayerekeza mankhwala awiri odonthezera m'khutu: patapita masabata awiri, makutu adauma mwa ana 59 pa 100 alionse amene adalandira ciprofloxacin, koma mwa 32 okha amene adalandira boric acid. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, litaunika mu 2021 maphunziro ambiri otere, lidapeza kuti mankhwala odontheza akuoneka kuti amaumitsa khutu bwino kuposa akumwa, ngakhale lidachenjeza kuti ambiri mwa maphunzirowo adali aang'ono ndipo sadatsatire ana kwa nthawi yaitali. Chifukwa chake n'chomveka: dontho limafika pamalo odwalawo lili ndi mphamvu zambiri kuposa mankhwala amene ayamba adutsa m'mimba ndi m'magazi.

Koma dontho silingadutse m'khutu lodzaza mafinya, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene chithandizo chimalephera kawirikawiri. Malangizo a WHO osamalira ana odwala amati khutu liumitsidwe katatu pa tsiku, mankhwala n'kudonthezedwa kwa masiku 14. Pombani kansalu koyera kofewa kakhale kosongoka, kalowetseni pang'ono, kakanyowa muchotse n'kuikamo kena mpaka kadzatuluke kouma. Musagwiritse ntchito kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku. Kenako mwana agone khutu lodwalalo lili m'mwamba, mudonthezemo mankhwala, n'kusindikiza kangapo kanyama kamene kali pakhomo pa khutu kuti mankhwala alowe. Posamba madzi asalowemo, ndipo kusambira kumtsinje kapena kunyanja kuyambe kwaima.

Za madzi a masamba, ndikukupemphani kuti muwakanire achibalewo mwaulemu, pakuti chilichonse chodonthezedwa m'khutu lobooka chimafika mkati mwenimweni, pafupi ndi ziwalo zosachedwa kuwonongeka zimene timamvera. Ngakhale mankhwala ena a kufamase, monga okhala ndi gentamicin kapena neomycin, angathe kuwononga kumva akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, choncho mankhwala odontheza akulembereni ndi dokotala amene waona khutulo.

Mukaona kutupa kopweteka kuseri kwa khutu, kutentha thupi ndi mutu waukulu, kuuma khosi, chizungulire kapena kupotoka kwa nkhope, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matendawa amatha kulowa m'fupa ndi kufika ku ubongo. Ngati mafinya sakuuma mutatsatira zonsezi, pemphani kalata yopita kwa akatswiri a makutu ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central, kumene angaone ngati m'khutumo mukukula chophuka chotchedwa cholesteatoma, chimene chimafuna opaleshoni. Ngakhale khutu litauma, kamuyezetseni kumva asanayambe sitandade 1, ndipo ngati akumva movutikira muwadziwitse aphunzitsi kuti azimukhazika kutsogolo.