Za makatoni ofika atanyowa kontena isanabooke

Amayi, mwafunsa chifukwa chake makatoni anu a nsapato ochokera ku Guangzhou, ku China, afika atafewa, ena atachita nkhungu, chonsecho kontena ilibe bowo paliponse. Madzi amenewo si a m'nyanja ayi. Anakwera limodzi ndi katundu wanu tsiku lopakira.

Kontena ndi chitsulo. Masana ikatentha, chinyezi chimatuluka m'makatoni, m'mapaleti (timathandala ta matabwa tosanjikapo katundu) ndi m'matabwa apansi. Usiku denga likazizira, chinyezicho chimaundana n'kuyamba kudontha ngati chivundikiro cha poto. Zimachitika tsiku ndi tsiku, panyanja, padoko la Beira, mpaka pamzere wa pa chipata cha Mwanza. N'chifukwa chake makatoni apamwamba ndi ogunda khoma ndi amene amaonongeka kwambiri.

Mpweya wokha sunganyowetse chonchi. M'kontena ya mafiti 40, ngakhale kutentha kutafika madigiri 30, mpweya umasunga madzi pafupifupi malita awiri basi. Ochulukawo amachokera m'katundu, makamaka mapaleti a matabwa aawisi. Musanyengeke ndi chidindo cha HT pa paleti: chimangosonyeza kuti anaitenthetsa kupha tizilombo, osati kuti ndi youma. Komanso ku Guangzhou kumagwa mvula yambiri kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndiye katoni imene yakhalitsa m'nyumba yosungiramo katundu imakhala itamwa kale chinyezi ngakhale ikuoneka youma.

Ulendo wina muuzeni ejenti wanu alowe m'kontena isanapakidwe, atsekeredwe mkati, aone ngati kuwala kukulowa penapake. Aonenso labala wa pazitseko ndipo akhudze pansi ndi dzanja. Ikakhala yongotsukidwa kumene kapena ikununkha chinyontho, aikane. Asapakire pamvula.

Pa mankhwala oyamwa chinyezi, timapaketi ta silica gel ta m'mabokosi a nsapato tija n'tochepa mphamvu pa kontena yonse. Funsani matumba a calcium chloride opachika m'makoma, amene amayamwa madzi oposa kulemera kwake. Katundu asagunde denga, ndipo pamwamba ayalepo mapepala okhuthala oti azilandira madontho. Pulasitiki yokulunga katoni yonyowa kale imangotsekera chinyezicho mkati.

Za katundu wafika kaleyu, jambulani denga ndi makatoni musanatsitse zambiri, ndipo werengani bwino pepala la inshuwalansi. Inshuwalansi yotchipa nthawi zambiri silipira katundu woonongeka ndi madontho amenewa, otchedwa thukuta la kontena.