Seal ija si chidindo aphunzitsi, nanga polynya tiziti chani?

Aphunzitsi ena a Geography ku Nkhotakota andilembera kuti amafuna kufotokozera ana a fomu 3 nkhani ya asayansi amene amamata tizipangizo pamutu pa nyama zotchedwa seal ku Antarctica, ndiye ataika chiganizocho mu makina omasulira a pa foni anawapatsa zoti "zidindo zimayeza mchere wa m'nyanja". Akufunsa kuti seal m'Chichewa ndi chani, komanso polynya.

Aphunzitsi, ndaseka kaye ndisaname. Pa chingerezi liwu limenelo lili pawiri, pali chidindo cha pa kalata komanso pali nyama, makinawo anangotola loyamba basi. Nyamayi kwathu kuno kulibe ndiye dzina lakelake tilibe, koma loyandikira ndi katumbu, uja amaba nsomba m'mono. Si nyama imodzi ayi, katumbu wathu ali ndi miyendo ndipo amathamanga pamtunda pomwe uyu ali ndi zipsepse amachita kukwawa ndi mimba, komabe mwana wa kunyanja mukati "katumbu wa m'nyanja yamchere" chithunzi chimabwera pompo. Ambiri ndi akatumbu, ndiye muziti akatumbu amayeza, osati zimayeza.

Mtundu umene amakonda kugwiritsa ntchito ndi elephant seal, ndipo chonde musati njovu ya m'madzi, ana aganiza za mvuu. Ine ndimati katumbu wachitamba chifukwa wamphongo mphuno yake imalendewera ngati kachitamba, ndipo ndi chimphona, amatha kupitirira matani 3. Dzina limeneli ndapeka ndekha, mukapeza labwino mundiuze.

Tsopano polynya. Liwuli ngakhale azungu a ku England anabwereka ku chiRasha, ndiye ife tisachite manyazi kulisiya choncho koyamba kenako nkufotokoza. Ndi malo a madzi osaundana pakati pa nyanja imene yaundana ponseponse. Ena akuti bowo, ine bowo sindikugwirizana nalo kwenikweni chifukwa bowo ndi la pa ndowa kapena la mbewa, pomwe ija inatseguka ku Weddell Sea, nyanja ya ku Antarctica, m'zaka za 1974 mpaka 1976 inali pafupifupi ma sikweya kilomita 250,000, kuposa kuwirikiza kawiri Malawi yense, bowo lanji limenelo? Dziwe likumvekako bwino, "chidziwe cha pakati pa ayezi", chi- ameneyo akugwira ntchito yoonetsa kukula. Malo omwewo cha ku Maud Rise, phiri la pansi pa nyanja, chinatsegukanso mu 2016 ndi 2017, chocheperako, ndipo gulu la Ethan Campbell wa ku University of Washington mu 2019 linafotokoza chifukwa chake pogwiritsa ntchito ma setilaiti, tizipangizo toyandama komanso akatumbu omwewa: madzi apamwamba anali ndi mchere wambiri, mphepo zamkuntho nkuvundula, madzi ofundirako a pansi nkukwera kudzasungunula ayezi.

Koma dziwani kuti zidziwezi zili mitundu iwiri ndipo mneni wake ndi wosiyana. Cha pakati pa nyanja ngati cha Maud Rise tinganene kuti ayezi wasungunuka. Cha m'mphepete mwa mtunda ngati cha ku Cape Darnley, ku Antarctica komweko, sikusungunuka ayi, ndi mphepo yozizira yotsetsereka kuchokera kumtunda imene imakankha ayezi kupita naye kutali, madzi nkutsala pa mbalambanda nkuyambanso kuundana, mphepo nkukankhanso, choncho choncho nyengo yonse yozizira. Madzi a m'nyanja amaundana pa madigiri pafupifupi 1.9 pansi pa ziro ndipo akamaundana amalavula mchere, madzi otsalawo amalemera nkutsika pansi penipeni, amenewo ndi aja amayenda pansi pa nyanja zikuluzikulu za dziko. Zoti ku Cape Darnley kumapangika madzi amenewa zinatsimikizika mu 2013, akatumbu anathandiza nawo. Ndiye mukangoti "kusungunuka" pa zonse ziwiri mwaphunzitsa zabodza, Chichewa chili bwinobwino koma sayansi yapita.

Mayi ena okhala ku Cape Town afunsa chawo, akuti mwana wawo analemba kuti "akatumbu amamira mpaka mamita 2,000" ndiye agogo ake atamva anati kalanga ine, bwanji akuzipha nyamazo.

Mayi, agogowo sanalakwe. Kumira kwa ambiri a ife ndi ngozi, bwato lamira, munthu wamira, sabwerera yekha. Chimene amachita katumbu ndi kubira, kuja timachita tili ana kudambo kupikisana kuti akhalitse pansi ndani.  Nambalayo mwana sananame, ena amafikadi cha m'ma 2,000 ngakhale kawirikawiri amathera m'mamita mazana angapo kwa mphindi 20 kapena 30, akatumphuka kudzapuma kachipangizo kaja kamatumiza uthenga ku ma setilaiti a Argos. Muli ku South Africa komweko, ofufuza a University of Pretoria akhala akugwira ntchito ndi akatumbu amenewa ku chilumba cha Marion Island kwa zaka zambiri, mwanayo atha kufufuza zimenezo.

Za tag aphunzitsi munafunsanso mmunsi mwa kalata. Musati chizindikiro, chizindikiro ndi chija timaboola khutu la ng'ombe kuti tidziwe mwini wake. Ichi ndi kachipangizo koyeza, tambiri timapangidwa ku Sea Mammal Research Unit ya University of St Andrews ku Scotland, kamayeza kuzizira, kuya ndi mchere, mcherewo kamaudziwa poona mmene magetsi akudutsira m'madzimo. Mneni wake ndi kumata chifukwa amachita kumata ndi guluu pa ubweya wa pamutu, samanga ndi chingwe komanso sabaya. Katumbuyo akamafundula, zomwe amachita kamodzi pachaka, kachipangizoko kamagwa kokha. Kufundula timakudziwira pa njoka koma apa kukukwanira ndithu chifukwa mtundu uwu umataya ubweya pamodzi ndi khungu lapamwamba.