Lusaka isanakhale tauni, unali mudzi wa yani?

Bambo wina wa ku Chilenje, mu Lusaka momwe muno, wandilembera imelo kuti: "Agogo ankatiuza kuti Lusaka yonseyi inali kamudzi chabe. Kodi n'zoona? Nanga dzinali linachokera kuti?"

Bambo, agogo anu sanakunamizeni. Dzinali ndi la munthu, nyakwawa Lusaaka, yemwe mudzi wake unali pafupi ndi Manda Hill, pomwe pali Nyumba ya Malamulo lero. Mabuku ambiri amati iye anali wa mtundu wa Alenje, koma dera lonseli, mpaka ku Chongwe, munkakhalanso Asoli, omwe mfumu yawo yaikulu lero ndi Nkomeshya Mukamambo II. Ife olankhula Chinyanja tinabwera pambuyo, ambiri kudzafuna ntchito kuchokera kum'mawa, ngakhale chilankhulo chathu ndicho chamveka kwambiri m'misika ndi m'maminibasi.

Chinasintha mudziwo ndi njanji. Mu 1905 azungu omanga njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, komwe tsopano timati Kabwe, anaika kasiteshoni kakang'ono pano n'kukatcha dzina la nyakwawa ya pafupi. Ankatero mtunda uliwonse wa makilomita pafupifupi 30, ndiye panalibe amene ankaona kuti malo ano ndi apadera. Kunali thengo, miyala ya laimu yotulukira pamtunda, ndi madzi osalowa pansi dzinja likafika. Anthu a ku komboni ya Kanyama akudziwa kuti vuto la madzi limeneli silinachoke.

Kenaka kunabwera alimi achizungu, masitolo n'kuyamba kundanda m'mbali mwa msewu womwe unadzakhala Cairo Road. Boma la atsamunda linaona kuti Livingstone ili kumapeto kwa dziko ndiponso n'kotentha, motero mu 1935 likulu la Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, linasamukira kuno kuchokera ku Livingstone.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ana athu akamva kuti Manda Hill amangoganiza za masitolo ndi ayisikilimu, pomwe dzinalo likunena za manda, malo amene anthu ankaikako abale awo. Makomboni ngati John Laing ndi John Howard asunga maina a azungu, ndipo aliyense amawatchula tsiku ndi tsiku, koma funsani kondakitala pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower kuti Lusaaka anali ndani, muone ngati ayankha.

Ngati mukufuna kumva mbiriyi kwa eni nthaka, pitani ku Chongwe nthawi ya mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli amapempha mvula asanadzale. Mutengenso ana, ndipo musachite manyazi kufunsa akuluakulu komwe makolo awo ankalima mzinda usanawakankhire kunja.