Kwa mayi amene afunsa za chiropractor ndi msana wosasiya kupweteka

Mayi, mwati msana wanu wa m'munsi wakhala ukupweteka kwa miyezi 8, mwatopa kumwa ibuprofen tsiku ndi tsiku, ndipo mukufuna kudziwa ngati chiropractor, katswiri wowongola msana ndi manja, angathetse ululu ndi kutupa popanda mankhwala. Ena m'gulu muno akuti pitani mawa lomwe, ena akuti musayerekeze, akakuthyolani. Pa ululu angakuthandizeni ndithu, makamaka masabata oyambirira. Pa kutupa ndi pamene anthu amasokonezeka, chifukwa mawu amenewa timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Ululu ukapitirira miyezi 3 madokotala amautcha wokhalitsa, ndiye wanuwo uli m'gulu limenelo. Mwa anthu 10 odwala msana wa m'munsi, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni yoti n'kuiloza ndi chala. Vuto limakhala pa minofu, timfundo tolumikiza mafupa, ndi mitsempha imene yazolowera kulira msanga. Msana wotere umapweteka kwambiri mukakhalitsa pampando, mukawerama kapena mukanyamula katundu, ndipo mukagona pabwino umaleza. M'mawa umauma pang'ono, koma pakangopita mphindi 10 kapena 15 wamasuka. Umenewu ndi umene manja a chiropractor amathandizapo.

Msana winawo ndi wa nthenda yotupitsa mfundo za msana, monga ankylosing spondylitis. Umayamba pang'onopang'ono munthu asanakwanitse zaka 45, umamudzutsa kumbandakucha, m'mawa amauma gwa kupitirira mphindi 30, ndipo chodabwitsa n'chakuti kupuma kumaukulitsa pamene kuyenda kumauchepetsa. Ngati zanuzo zikufanana ndi izi, poyambira ndi kuchipatala, akayeze magazi a CRP ndi ESR, amene amasonyeza kutupa m'thupi, ndi kujambula mfundo za m'chiuno. Dziwani kuti magaziwo amatha kutuluka bwinobwino nthendayo ilipo, choncho mmene ululuwo umakhalira muufotokoze mwatsatanetsatane. Kutupa kotere kumachokera ku chitetezo cha m'thupi chimene chaukira thupi lomwelo, ndipo palibe kudinikiza kulikonse kumene kungakuzimitse. Choopsa n'chakuti nthendayi ikakhalitsa mafupa a msana amamatirirana n'kukhala osachedwa kuthyoka, ndiye kuwakankha mwamphamvu ndi kuitana ngozi.

Pali zizindikiro zina zimene zikakhalapo nkhani ya chiropractor iyambe yaima. Dzanzi pakati pa miyendo ndi m'matako, kulephera kukodza kapena kudziyipitsira osazindikira, miyendo kufooka mpaka phazi kumakhwekhwereza: izi ndi za tsiku lomwelo kuchipatala, chifukwa mitsempha ya kunsi kwa msana ikapanikizika kwa nthawi yaitali siibwereranso. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuonda popanda chifukwa, ndi ululu wosaleza ngakhale mutagona bwanji, zimaloza ku TB ya msana, matenda ena a m'fupa kapena khansa, makamaka kwa amene anadwalapo khansa kale. Amene mafupa awo anafooka ndi ukalamba, amene amwa prednisolone kwa miyezi yambiri, ndi amene ali pa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kukankha kwamphamvu si kwawo.

Ngati zonsezi mulibe, tione chimene chimachitika pa bedi la chiropractor. Msana uli ndi mafupa 7 m'khosi, 12 kumene kwagwira nthiti, ndi 5 m'munsi, kenako fupa lalikulu la m'chiuno ndi kamchira. Pakati pa mafupawa pali madisiki ofewa ngati khushoni, ndipo kumbuyo kwake kuli timfundo tiwiritiwiri tokhala ndi madzi oterera. Kwa msana wa m'munsi amakugonekani cham'mbali, bondo lapamwamba lopinda, dzanja limodzi pa phewa lina pa chiuno. Amapotoza pang'onopang'ono mpaka kamfundoko kafike pamapeto pake, kenako amakankha kamodzi mwachangu, pang'ono chabe. Phokoso lija limamveka kuti "kha" si fupa kubwerera m'malo mwake. Ndi kathovu ka mpweya kopangika m'madzi a m'kamfundomo, chimodzimodzi poliza zala, n'chifukwa chake mfundo yomweyo siiliranso mpaka patapita mphindi pafupifupi 20. Kulira kapena kusalira sikutanthauza kuti ntchito yagwirika kapena ayi.

Ndiye mpumulo umachokera kuti? Kukankha kwachanguko kumatakasa timitsempha ta m'mfundo ndi m'minofu, uthenga wa ululu wopita ku ubongo umachepa kwa kanthawi, minofu imene inakungika imamasuka, munthu n'kuyamba kuwerama mosaopa. N'zenizeni, koma n'zosakhalitsa pazokha, maola kapena masiku angapo. Ntchito imeneyi anaiyambitsa Daniel David Palmer ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America, mu 1895, ndipo iye ankaphunzitsa kuti matenda ambiri amabwera chifukwa cha mafupa a msana osuntha amene akutsekereza mitsempha. Mfundo imeneyo kafukufuku sanaitsimikize. Mukakumana ndi amene akulonjeza kuchiza shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi powongola msana, tengani chikwama chanu muzipita.

Pa ululu wa msana weniweniwo umboni ulipo, ngakhale si wodumphira m'mwamba. Bungwe la American College of Physicians mu 2017 linaika chithandizochi pakati pa njira zoyamba kuyesa munthu asanathamangire mankhwala. La NICE ku Britain mu 2016 linati chiperekedwe pokhapokha chikuyendera limodzi ndi masewera olimbitsa thupi. WHO nayo m'malangizo ake a 2023 a msana wopweteka nthawi yaitali inachivomereza ngati mbali imodzi ya chisamaliro, koma inakana malamba omanga m'chiuno ndi makina okoka msana. Kafukufuku amasonyeza kuti phindu lake ndi lofanana ndi la mafizo kapena masewera, silipambana pamenepo.

Ulendo woyamba uzitenga nthawi, mphindi 30 kapena kuposa. Azikufunsani mbiri ya ululuwo, mankhwala amene mukumwa, ndi zizindikiro ndatchula zija. Aziyeza mphamvu za miyendo, kugogoda pa bondo ndi kuseri kwa chidendene, ndi kukweza mwendo wanu woongoka mutagona chagada kuti aone ngati ululu ukutsikira kunsi kwa bondo. Wongokugonekani n'kuyamba kuthyola asanafunse kanthu, ameneyo ayi. Funsaninso kumene anaphunzira ndi bungwe limene linamupatsa chilolezo, chifukwa dzinali ena amangodzipatsa.

Za X-ray ndi MRI chenjerani nazo. Kafukufuku wina wa mu 2015 amene anaphatikiza zithunzi za anthu osamva ululu uliwonse anapeza kuti disiki yotukumuka ilipo mwa 30 pa 100 alionse a zaka 20, ndi 84 pa 100 a zaka 80. Ndi imvi za m'kati basi. Munthu akakuonetsani chithunzi n'kumati taonani msana wanu wapindika, mufunika kubwera maulendo 40 ndipo mulipiriretu, akugulitsani mantha. Muyeso wabwino ndi uwu: maulendo 4 mpaka 6 m'masabata atatu kapena anayi. Musanayambe, lembani ululu wanu pa sikelo ya 0 mpaka 10, ndi mphindi zimene mumatha kukhala pansi kapena kuyenda usanakuvuteni. Manambalawo akapanda kusintha, siyani, njira imeneyo si yanu. Akasintha, maulendo azitalikirana mpaka athe.

Pafupifupi theka la anthu amamva kuwawa kapena kutopa kwa tsiku limodzi kapena awiri atawongoledwa, ndipo zimatha zokha. Khosi ndi nkhani ina. Mitsempha iwiri ya magazi yopita ku ubongo imadutsa m'timabowo ta mafupa a m'khosi, ndipo kupotoza kwachangu kwakhala kukugwirizanitsidwa ndi kung'ambika kwa mtsempha umenewu, kumene kumabweretsa sitiroko. Sizichitikachitika, koma inu vuto lanu lili m'munsi, ndiye palibe chifukwa choti wina akhudze khosi lanu. Nenani poyera musanagone pa bedipo. Aliyense amene wawongoledwa khosi n'kuyamba chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera kapena mutu waukulu wachilendo, athamangire kuchipatala.

Tsopano mbali imene imabweretsa kusintha kokhalitsa, imene mumachita nokha. Chiropractor akachepetsa ululu wakutsegulirani mpata wa masiku angapo, ndipo mpatawo muugwiritse ntchito kulimbitsa minofu yozungulira msana. Pali masewera atatu amene katswiri wa msana Stuart McGill wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada anawatchukitsa, ndipo safuna chipangizo chilichonse.

Oyamba, gonani chagada, bondo limodzi lopinda, mwendo wina woongoka, manja onse pansi pa msana wa m'munsi kuti kamphako kachibadwa kaja kasafafanizike. Dzutsani mutu ndi mapewa pang'ono zedi, ngati mukungochotsa kulemera kwake pa pilo, gwirani masekondi 10 mukupuma bwinobwino, bwererani. Ambiri amalakwitsa pokoka chibwano kuchifuwa kapena kudzuka mpaka kukhala tsonga, zimene zimapanikiza disiki imene mukufuna kuiteteza.

Achiwiri, gonani cham'mbali mutatsamira chigongono, chigongonocho chili pansi penipeni pa phewa, mawondo opinda. Kwezani chiuno mpaka phewa, chiuno ndi bondo zikhale mu mzere umodzi, masekondi 10, mbali zonse ziwiri. Chiuno chikamagwera kumbuyo ndiye kuti mwatopa, imani. Mukalimba mudzaongola miyendo n'kumatsamira mapazi.

Achitatu, gwadani mugwire pansi ngati mwana wokwawa, manja pansi pa mapewa, mawondo pansi pa chiuno. Tambasulani dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo, masekondi 10, kenako sinthani. Mwendo usakwere kupitirira chiuno, chifukwa ukakwera msana umabwata pakati ndipo ululu umabuka pomwepo. Yerekezani kuti pamsana panu pali kapu yodzaza madzi yoti isatayike. Pa masewera onse atatu chitani maulendo 5, pumani theka la mphindi, kenako 3, kenako 1. Zonse pamodzi ndi mphindi 10 mpaka 15. Mukafuna kuwonjezera, onjezerani maulendo, masekondi akhale 10 omwewo. Musachite mutangodzuka kumene, dikirani ola limodzi, poti madisiki amamwa madzi usiku ndipo m'mamawa amakhala otukumuka, osafuna kupindidwa.

Kuyenda musakuderere. Kafukufuku wa WalkBack wa ku Australia, wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024, anatsata anthu 701 amene anali atangochira msana. Amene anapatsidwa ndondomeko yoyenda ndi uphungu anatha masiku pafupifupi 208 ululu wolepheretsa ntchito usanabwerere, pamene enawo anatha masiku 112. Yambani ndi mphindi 10 kawiri patsiku, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse mpaka mufike mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Cholakwika chofala n'chakuti tsiku limene msana waleza munthu amagwira ntchito zonse zimene zinatsalira, kenako agona masiku atatu. Muyeso ukhale womwewo tsiku labwino ndi loipa lomwe. Ngati ntchito yanu ndi yokhala pansi, dzukani mphindi 30 zilizonse, ngakhale kungoimirira n'kuyenda mapazi ochepa.

Kutentha kumathandiza msana wouma: botolo la madzi otentha lokutidwa ndi nsalu, mphindi 15 mpaka 20, osagona nalo. Ayezi ndi wa pamene mwangovulala kumene, mphindi 10 mpaka 15, osamuika pakhungu mwachindunji. Pogona cham'mbali ikani pilo pakati pa mawondo, pogona chagada ikani pansi pa mawondo. Tulo tosakwana maola 7 timachititsa kuti thupi lizimva ululu msanga tsiku lotsatira. Ndipo ngati mukufunadi kuchepetsa kutupa kwapansipansi kumene kumakhala m'thupi lonse, zimene zimagwira ntchito ndi kusiya fodya, kuchepetsa mafuta a pamimba, kugona mokwanira ndi kuyenda komweko. Fodya amachepetsanso magazi ofika pafupi ndi madisiki, amene kale ndi kale amalandira chakudya movutikira. Makapisozi a turmeric kapena a mafuta a nsomba amene ena atchula m'makomenti umboni wake pa msana ndi wofooka, ndipo amatha kusemphana ndi mankhwala osungunula magazi.

Ibuprofen wa miyezi 8 ija akundidetsa nkhawa kuposa msanawo. Mankhwala a gulu limeneli, pamodzi ndi diclofenac, akamwedwa tsiku ndi tsiku amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Kaonaneni ndi dokotala akuyezeni BP ndi magazi a impso, ndipo mumuuze kuchuluka kwa mapiritsi amene mwakhala mukumwa patsiku, osachepetsa nambala. Chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi ndi zosadikira.

Mukayamba masewerawa ululu udzakwerako, ndipo muyenera kudziwa posiyanitsa. Kuwawa kofika pa 3 kapena 4 mwa 10, kumene kwabwerera mwakale pofika m'mawa, n'kololeka, pitirizani. Kukapitirira maola 24, chepetsani ndi theka kwa masiku awiri kenako mukwerenso. Yang'aniraninso kumene ululuwo ukulowera. Ukamachoka ku katumba kubwera pa ntchafu, kuchoka pa ntchafu kubwera m'chiuno, zikuyenda bwino ngakhale pamsana penipenipo pawawe kwambiri masiku amenewo. Ukamatsika kulowera kuphazi, kapena dzanzi likayamba pa zala za kuphazi, siyani chimene mukuchitacho, kaya ndi masewera kaya ndi kuwongoledwa, mukapimidwenso.