Mafunso a Owerenga: Kukadya ramen ku Japan

Makalata angapo mwezi uno akufunsa za ramen, chakudya cha ma noodles a m'msuzi chimene aliyense wopita ku Japan amakumana nacho. Tasankhapo asanu.

A Mkonzi, kuntchito andisankha kukachita maphunziro a miyezi iwiri ku Japan kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena pa chitukuko. Anzanga akuti chakudya chotsika mtengo ndi ramen, koma akuti palibe amene amabwera kudzakufunsa chimene ukufuna. Nanga munthu amaitanitsa bwanji, poti Chijapanizi sindidziwa? Bambo wa ku Chilomoni

Anzanuwo akunena zoona, bambo. Malo ambiri a ramen m'makwalala a Tokyo, Osaka kapena Fukuoka ndi kachipinda chabe: kauntala imodzi, mipando pafupifupi 10, ophika awiri kapena atatu. Pakhomo pamalendewera kansalu kafupi kotchedwa noren, ndipo akakachotsa ndiye kuti atseka. Ambiri amatsegula cha m'ma 11 koloko m'mawa n'kupumira cha m'ma 3 masana. Ena amatseka msuzi ukangotha, chifukwa msuzi umene wawira maola ambiri sungaphikidwenso pompopompo.

Pakhomo pomwepo mupeza makina a matikiti. Yambani mwaika ndalama, mabatani ayaka, kenako dinani chimene mukufuna. Katikiti katuluka pansi. Pa makina ambiri chenje satuluka yekha, pali batani kapena kachitsulo kake, ndipo apa ndi pamene alendo amasiya ndalama zawo. Zilembo zikakusokonezani, dinani batani loyamba pamwamba kumanzere, chifukwa nthawi zambiri mwini malo amaika pamenepo mbale imene amaidalira. Mukakhala pansi, ikani tikiti pamwamba pa kauntala kuti wophika aione.

Mbale wamba imagulidwa pakati pa mayeni (ndalama za ku Japan) 800 ndi 1,200. Dzira lowonjezera ndi mayeni 100 kapena 150. Nyamulani ndalama m'thumba, makamaka mapepala a 1,000 ndi makobidi a 100, chifukwa makina akale salandira khadi ndipo ena amakana pepala la 5,000 kapena 10,000. Japan inatulutsanso ndalama zatsopano zapepala mu July 2024 ndi kobidi latsopano la 500 mu 2021, ndipo makina ena amazilavula. Zikatero musalimbane nawo, ingoonetsani ndalamayo kwa wophika, akusinthirani. Ma ATM a m'masitolo a 7-Eleven ndi a ku positi ofesi amalandira makhadi akunja a Visa.

Mukapeza mzere, yang'anani kaye zimene akuchita amene ali patsogolo panu: kwina munthu amagula tikiti asanaime pamzere, kwina akafika pakhomo. Kusungira mnzanu malo pamzere sikukondedwa, ndipo aliyense wokhala pampando aitanitse mbale yake. Madzi akumwa ndi aulere, mumadzitungira nokha. Mukatha, kwezani mbale pamwamba pa kauntala, pukutani pamene munadyera ndi kansalu kamene kali pomwepo, nenani kuti “gochisousama deshita” (zikomo chifukwa cha chakudya) n'kutuluka. Musasiye kangachepe. Kumeneko kulibe mwambo umenewo, ndipo akhoza kukuthamangirani panja kudzakubwezerani.

Ine ndine Msilamu ndipo ndikupita ku Osaka pa za bizinesi. Ndikasankha ramen ya nkhuku, kapena ndikawauza kuti achotse nyama ili pamwambayo, sindingadye? Mayi wa ku Mpingwe

Ayi mayi, kuchotsa nyama ya pamwamba sikukwanira, ndipo yankho ili likhudzanso abale athu a Seventh-day Adventist. Nkhumba mu ramen imabisala malo angapo.

Mbale imodzi imapangidwa ndi zinthu zisanu: msuzi, tare, mafuta, ma noodles, ndi zoika pamwamba. Tare ndi madzi okoleretsa amchere kwambiri amene wophika amayamba kuthira pansi pa mbale asanathire msuzi. Mayina amene muwaone pa makina, monga shoyu, shio ndi miso, amanena za tare: shoyu ndi ya soy sauce, shio ndi ya mchere, miso ndi ya phala la soya losasitsidwa. Sanena chilichonse za mafupa amene anawira mumphika. Ndiye mbale ya shio, yooneka yoyera mbee, ikhoza kukhala ya mafupa a nkhuku osakaniza ndi a nkhumba, ndipo kusakaniza kotereku n'kofala kwambiri.

Tonkotsu ndiye ya nkhumba poyera: mafupa amawiritsidwa mwamphamvu kwa maola ambiri mpaka msuzi kuyera ngati mkaka. Kwawo kwake ndi ku Fukuoka, pachilumba cha Kyushu. Nyama yodulidwa imene amaika pamwamba, chashu, pafupifupi nthawi zonse ndi ya nkhumba, ndipo malo ambiri amapangira tare yawo m'madzi amene anaphikira nyamayo, n'kuviikamonso mazira. Mafuta oyandama pamwamba kawirikawiri ndi a nkhumba. Ramen ya miso ya ku Sapporo amaiphimba nawo dala kuti isazizire msanga. Zodyera limodzi monga gyoza (tizitumbuwa ta fulawa toikamo nyama mkati) ndi mpunga wokazinga nazonso zimakhala ndi nkhumba. Kwa inu palinso nkhani ya mowa: mu tare amathiramo sake kapena mirin. Kwa a Adventist, msuzi wina umakhala ndi nkhanu, shrimp kapena nkhono za m'nyanja.

Phunzirani kuzindikira chilembo ichi: 豚. Chimaimira nkhumba. Pofunsa, tchulani msuzi weniweniwo: “Suupu ni buta wa haitte imasu ka?” (kutanthauza kuti, “Kodi mumsuzi muli nkhumba?”). Mukangofunsa za nyama, wophika akhoza kuyankha ndi mtima woona kuti mulibe, akuganiza za nthuli zokha.

Uphungu wathu ndi woti malo wamba a m'khwalala muwapewe, pokhapokha atalemba okha kuti sagwiritsa ntchito nkhumba. Ku Osaka, Kyoto ndi Tokyo kuli malo a ramen okhala ndi chiphaso cha halal, ndiponso a ramen ya zamasamba zokhazokha. Afufuzeni pa foni musanachoke kumene mukugona, chifukwa sapezeka pakona iliyonse.

Ndinaona pa vidiyo anthu akudya ramen mochita phokoso ndi pakamwa, komanso mothamanga ngati akuthamangitsidwa. Mwana wanga akupita kusukulu ku Fukuoka. Kodi ndimuuze kuti azitero? Mayi wa ku Zingwangwa

Kwathu kuno mwana wodya motero amadzudzulidwa, koma m'malo a ramen si mwano. Ma noodles amabwera ali moto, ndipo kuwakoka pamodzi ndi mpweya kumawaziziritsa asanapserere lilime. Palibe amene angamukakamize. Akadya mwakachetechete palibe cholakwika.

Kufulumirako kuli ndi chifukwa. Ma noodles amapitiriza kupsa ali mumsuzi, ndipo pakapita mphindi zochepa amamwa madzi n'kufewa. Mbale ikafika, ayambe pomwepo, foni aiike pambali. Anthu ambiri amamaliza m'mphindi 10 kapena 15 n'kupereka mpando kwa amene ali panja. Macheza akachitire kwina.

Ku Fukuoka ma noodles ake ndi oonda kwambiri, choncho amaika ochepa. Akapanda kukhuta anene kuti “kaedama”, amuwonjezera ena mumsuzi womwewo pa mayeni 100 mpaka 200, ndiye asamalize msuzi asanaitanitse. Adzamufunsanso kapsedwe: katame ndi olimbirapo, futsuu ndi apakatikati, yawarakame ndi ofewa. Ayambire apakatikati. Timitengo todyera tikamuvuta apemphe foloko, koma asatizike chilili mumpunga, ndipo asalandire chakudya kuchokera pa timitengo ta mnzake ndi take. Ziwiri zonsezi zimachitika pa miyambo ya maliro.

Ndili ndi BP. Ramen ndingadye? Bambo wa ku Chirimba

Mwa apo ndi apo, bambo, koma msuzi musamalize. Mbale imodzi pamodzi ndi msuzi wake imakhala ndi mchere wa magalamu 5 mpaka 7, pamene bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 tsiku lonse. Mchere wambiri uli mumsuzimo. Idyani ma noodles ndi zapamwamba, lawani masupuni angapo, wotsalawo musiye. Wophika sakhumudwa. Malo ena amalola kupempha “aji usume”, kuti achepetse tare.

Kodi ramen ndi ma noodles a m'paketi amene timagula m'mashopu ku Limbe? Ngati ayi, ndingaphike kunyumba? Achemwali a ku Ndirande

Ndi pachibale, achemwali, koma si chimodzi. A m'paketi anayambitsidwa ndi Momofuku Ando mu 1958 ku Ikeda, pafupi ndi Osaka: amaphikidwiratu, n'kukazingidwa m'mafuta kuti aume. A m'malo a ramen ndi aawisi, opangidwa ndi fulawa, mchere, madzi ndi kansui. Kansui amagwira ntchito ngati chidulo kapena soda amene timathira m'therere, kungoti mu fulawa amachititsa kuti ma noodles achite chikasu, atanuke, asasungunuke mumsuzi wotentha.

Kunyumba mungayandikire ndi spaghetti woonda. Wiritsani madzi okwana lita imodzi, thirani supuni imodzi yaikulu ya soda, ikani magalamu 100 a spaghetti pa munthu aliyense, ndipo muphike mphindi imodzi kapena ziwiri kuposa zimene zalembedwa pa paketi. Gwiritsani ntchito poto wamkulu chifukwa madzi a soda amachita thovu n'kusefukira. Mukachulutsa soda amawawa, ndiye yesani bwino, ndipo mukatsanula muwatsukuluze ndi madzi otentha.

Ntchito yeniyeni ili pa msuzi. Tengani kilogalamu imodzi ya mafupa a nkhuku ndi zipalapasiro. Wiritsani mphindi 5, tayani madziwo, tsukani mafupa. Mukalumpha apa msuzi umada ndipo umanunkha magazi. Bwezerani mumphika ndi malita 3 a madzi oyera, uziwira pang'onopang'ono maola 3 kapena 4, mukuyengula thovu. Mbaula ya makala ochepa imachita bwino ntchito imeneyi. Anyezi, adyo ndi jinja muthire ola lomaliza. Mchere musathire mumphika.

Dzira liwire mphindi 7, chifukwa Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 ndipo madzi kuno amawira asanafike madigiri 100. Liponyeni m'madzi ozizira, lisendeni, ligone mufiriji mu soy sauce wosungunula ndi madzi ofanana naye komanso kashuga pang'ono.

Pogawa, tenthetsani mbale ndi madzi otentha, thirani masupuni awiri aakulu a soy sauce pansi, kenako msuzi wowira wokwana mamililita 350, ndi supuni ya mafuta a nkhuku oyandama mumphika muja. Lawani. Ma noodles alowe pomaliza, okhetsedwa bwino, ndipo dzira ndi anyezi wamasamba zikhale zodulidwa kale kuti mbale ipite patebulo nthawi yomweyo.