Musayambire pa nyanga: yankho kwa wojambula amene Krampus wamukanika

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mchemwali wina amene amajambula anthu ndi zilombo za m'masewera a pa kompyuta. Akufuna mzimu wa nyengo yachisanu wochokera m'nthano za kumapiri a Alps, ku Ulaya. Akuti wayesa Krampus kangapo konse, koma nthawi zonse akumatuluka mdyerekezi wofiira wa nyanga uja amene aliyense amajambula. Ndiye akufunsa kuti atani kuti chilombo chake chikhale ndi moyo wakewake.

Achemwali, zikomo pondilembera. Mmene ndikuonera, dzanja lanu lilibe vuto. Chakusokonezani ndi poyambira. Inu mukuyambira pa nyanga ndi mano, pamene eni mwambowo amayambira pa ntchito imene mzimu wadzera m'mudzi, ndi pa zinthu zimene ali nazo m'khola ndi m'nkhalango.

Krampus amatuluka madzulo a pa 5 Disembala ku Austria, Bavaria ndi South Tyrol, mawa lake kukhala tsiku la Nicholas Woyera. Sayenda mwayekha. Nicholas amagawira mphatso ana omvera, Krampus ntchito yake nkuopseza osamvera. Nchifukwa chake amanyamula mtolo wa tindodo tokwapulira, ndipo ena amabereka dengu kumsana. Chigoba chake nchosema pa mtengo, nyanga nzenizeni za mbuzi kapena nkhosa, thupi lonse ndi chikopa chaubweya wautali, ndipo m'chiuno, chakumbuyoku, mumamangidwa mabelu akuluakulu. Umayamba wamumva ali patali usanamuone. Nkhope yofiira yotulutsa lilime ija inafalikira kwambiri ndi makhadi a moni amene anthu ankatumizirana kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ndiye mukamatsatira imeneyo mukujambula chithunzi cha chithunzi chinzake.

Ine ndikanakonda mumusiye kaye Krampus, mupite m'chigwa cha Rauris, m'dera la Salzburg ku Austria. Kumeneko madzulo a pa 5 Januwale kumayenda a Schnabelperchten. Alibe nyanga, alibe mano. Amavala ngati agogo aakazi a kumudzi: siketi yaitali, jekete yazigamba, mpango kumutu, nsapato zoluka ndi udzu. Koma pamene pakanakhala nkhope pali mlomo wautali wa mbalame, wopangidwa ndi nsalu yoyera yokutira timitengo. Salankhula mawu a munthu, amangolira chapansipansi kuti "kwa, kwa, kwa". M'manja ali ndi tsache ndi sizasi yaikulu. Amalowa nyumba ndi nyumba kuona ngati mwasesedwa, amasuzumira pansi pa benchi, amapititsa tsache m'makona. Nthano yake imati akapeza fumbi amang'amba mimba ya waulesiyo nkulongamo zinyalalazo.

Taganizirani bwino chithunzi chimenechi. Chilichonse chimene chilombochi chanyamula nchapakhomo, chimene mwana amaona tsiku ndi tsiku m'manja mwa amayi ake. Mantha akuchokera pomwepo. Sizasi ija ndi yodulira nsalu, koma iwe ukudziwa kuti lero sinadzere nsalu. Kwa ine palibe Krampus wa mano zana amene angafike pamenepa.

Zilombo za mlomozi nza banja la Perchta, mayi wa m'nthano amene amayendera nyumba m'masiku khumi ndi awiri a pakati pa Khirisimasi ndi 6 Januwale. Ankaona ngati atsikana amaliza kupota ulusi wawo wa fulakesi, chomera chopangira nsalu. Wakhama ankalandira kandalama ka siliva, waulesi nkulangidwa. Amaoneka pawiri, pena wokongola ndi woyera mbee, pena nkhalamba yonyansa, ndipo otsatira ake nawonso ali pawiri: a Schönperchten okongola ndi a Schiachperchten oopsa. Okongolawa ojambula ambiri amawadumpha, ndipo zimandiwawa. Ku Gastein, kumene mwambowu umachitika kamodzi pa zaka zinayi, amuna amasenza zisoti zazitali, zina zopitirira mamita awiri, zokongoletsedwa ndi magalasi, maluwa ndi zonyezimira. Akafika pakhomo la mlimi amavina pang'onopang'ono, kenaka nkuweramitsa chisoti chonsecho pofunira banjalo mtendere ndi thanzi. Munthu amene wasenza katundu wotere sayenda ngati inu ndi ine. Khosi limauma gwa, miyendo imatang'adza, masitepe amafupika. Jambulani kulemerako.

Ku Switzerland kulinso ziwiri zoti muone. M'chigwa cha Lötschental muli a Tschäggättä, amene amayamba kuyenda kumayambiriro kwa Febuluwale: zigoba zazikulu zamtengo, zina zokhala ndi mano a ng'ombe, zikopa za nkhosa kapena mbuzi, ndi mapewa otukumulidwa kuti mutu uoneke ngati wamera pachifuwa. Ku Urnäsch, m'dera la Appenzell, a Silvesterkläuse amatuluka pa 31 Disembala ndiponso pa 13 Januwale, lomwe ndi tsiku lotsiriza chaka potsata kalendala yakale ya Julian. Ena mwa iwo amavala nthambi za mitengo, ndere ndi makungwa, moti amangokhala ngati nkhalango yanyamuka nkulowa m'mudzi ikuimba.

Ife amene tinakulira kumene kuli Gule Wamkulu pali chimodzi chimene sitifunika kuuzidwa: chilombo sichidziwika ndi nkhope yokha, koma ndi kayendedwe kake, phokoso lake, ndi mmene anthu amapatukira chikamabwera. Sindikunena kuti musakanize miyambo iwiriyi, iyayi, uliwonse uli ndi eni ake ndi tanthauzo lake. Ndipo kumapiriko zigoba zimasemedwa ndi amisiri amoyo, amene ntchito yawo imadziwika m'midzi mwawo. Phunzirani kwa iwo, koma musakopere chigoba cha munthu mmene chilili nkuchitcha chanu.

Tsono mukakhala pansi, musanagwire pensulo, lembani mayankho a mafunso awa. Mzimu wanu wadzera chiyani m'mudzi? Wavala zimene anthu a m'mudzimo angazipeze kuti? Nanga ukamayenda umamveka bwanji? Mwina ndi mzimu woona ngati nkhuni zasungidwa zokwanira chisanu chonse; ndiye upatseni chingwe chomangira nkhuni, nkhwangwa yakale yobuntha, ndi chovala cha makungwa. Yambani ndi chithunzithunzi chakuda bii, chopanda nkhope, muone ngati chikuzindikirika chili patali. Mitundu ikhale yochepa: kuyera kwa chipale chofewa, kutuwa kwa ubweya wonyowa, ndi kuwala kumodzi kokha kwa nyali ya pawindo.

Mukamaliza munditumizire ndione. Ndikufunitsitsa kuona mzimu wanu utaima pakhomo, chipale chitafika m'akakolo, mutu utapendekeka ngati ukumvetsera ngati m'nyumbamo muli munthu.