Mayi wa m'nkhani yanga akungoseketsa anthu

FUNSO: Zikomo anti. Ndikulemba kankhani kakafupi, mwininkhani ndi mayi wa ku Dedza amene mwamuna wake anapita ku Joni pa Wenela (bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi) m'ma 1970 ndiye makalata anangosiya kubwera. Vuto ndi loti mayiyu ngwanthabwala koopsa, anzanga pa gulu lathu la WhatsApp akawerenga amangofa nazo nseko, wina mpaka anati munthu wosungulumwa sangamacheze choncho. Kodi ndichotse nthabwalazo? — Mtsikana wa pakoleji, Zomba

YANKHO: Ayi ndithu mwanawe, usachotse ngakhale imodzi. Mnzakoyo sanakhalepo pamaliro a kumudzi eti? Adzukulu amaselewula anamfedwa, amagwira nkhuku ya pakhomo pomwepo uku manda akukumbidwa, koma palibe amene amati chisoni chachepa. Nanga nyimbo za pamtondo zija, amayi ankaimba zonyogodola amuna awo omwe anapita kumigodi, anzawo nkumaseka, musi ukugunda, chonsecho woimbayo mtima ukumuwawa. Mayi wakoyo ndi mmodzi wa amenewo.

Chimene ndikuona ine nchoti nthabwala zake zonse zikuchitikira pagulu basi, ndiye wowerenga akuseka limodzi ndi amayi a pachitsime nkubalalika nawo limodzi. Umutsatire kunyumba. Pachitsime anene kuti masiku ano amagona chopingasa pamphasa, palibe womuliza mkonono m'khutu, anzake agwe nako kuseka mpaka ndowa kutayika. Kenako madzulo akuomola nsima azindikire kuti wapakuliranso m'mbale ya bambo aja, aivundikire bwinobwino ngati kale, ndiye anene nthabwala ina yabwino kuposa ya masana ija koma oimva ndi nkhuku zokha zikulowa m'khola. Usalembe kuti "anasungulumwa kwambiri", mawu amenewo ndi aulesi ndipo ine ndikawapeza m'nkhani ndimangotsegula tsamba lina. Mbale yovundikirayo yanena kale.

Komanso asamaseketse paliponse ayi, pakhale munthu mmodzi, kaya apongozi ake kaya mwana wake wamng'ono akafunsa za ababa, amene pamaso pake nthabwala imamukanika, amangoyamba nkulekeza panjira.

China, poti watchula Wenela, samala zaka. Kamuzu analetsa anthu kupita kumigodi pa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi ambiri omwe ankabwerera kumudzi. Ngati nkhani yako ikudutsa chaka chimenecho, ganizira tsiku lomwe uthengawo wamveka pa wailesi, mayi wakoyo ali pachitsime pomwe paja ndipo anzake onse akumuyang'ana kudikira kuti anenapo chani.